Kumanganso Sukulu za Sekondale za m'Dera: Chitsanzo cha Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu

Nyumba zambiri zimene ana a sekondale amaphunziriramo m'midzi ya m'Malawi sizinamangidwe ndi cholinga choti zidzakhale sukulu za sekondale, ndipo aliyense wofuna kukonza dongosolo lozikonzanso kapena kuzimanganso ayenera kuyambira pa mfundo imeneyi. M'nthawi ya atsamunda sukulu za sekondale zinali zowerengeka: ya Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza mu 1951. Sukulu zimenezi, pamodzi ndi zina zimene zinabwera dziko litalandira ufulu mu 1964, zinamangidwa motsatira mapulani a akatswiri, zokhala ndi malo ogona, holo, labotale ndi nyumba za aphunzitsi, popeza zinali za ana ochepa osankhidwa. Ana ochuluka amene sanasankhidwe anawatsegulira njira ina mu 1965, pamene boma linakhazikitsa sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata ndi pa wailesi, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti MCDE. Ophunzira ake ankasonkhana m'malo amene anthu a m'midzi anamanga okha ndi njerwa zoumba okha, kapena m'zipinda zobwereka ku sukulu ya pulayimale ndi ku tchalitchi, chifukwa panthawiyo malowo ankaonedwa ngati pokumanirana chabe pamene ana amawerengera timabuku tawo mothandizidwa ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri.

Zinthu zinasintha mofulumira mu 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zinali zodziwikiratu kuti khamu limeneli lidzafuna malo ku sekondale, motero kumapeto kwa 1998 boma linalengeza kuti malo a MCDE aja asanduke sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zimene anthu amazitcha ma CDSS. Dzina linasintha, silabasi inakhala ya sekondale yeniyeni ndipo mayeso anakhala a MSCE monga a ana ena onse, koma nyumba zinakhala zomwezo. Choncho mwana wa ku CDSS amalemba mayeso amodzimodzi ndi mnzake wa ku sukulu yokhala ndi labotale, pamene iye waphunzira sayansi m'chipinda chopanda madzi, chopanda magetsi, nthawi zina chopanda ndi mawindo omwe. Sukulu za mtundu umenewu ndizo zochuluka kwambiri mwa sukulu za sekondale za boma, ndipo ndizo zimene dongosolo lililonse la m'dera limakumana nazo poyamba.

Maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu ndi malo oyenera kuphunzirirapo nkhaniyi. Anayiwa amapanga chigawo cha maphunziro cha Shire Highlands, chimodzi mwa zigawo zisanu ndi chimodzi zimene unduna wa zamaphunziro umayendetsera sukulu za sekondale. Ndi dera la anthu othithikana, la minda yaing'onoing'ono, kumene malo ambiri abwino ku Thyolo ndi ku Mulanje ali m'manja mwa ma esiteti a tiyi, kotero kuti kupeza malo oti sukulu ikulirepo si nkhani yapafupi. Ndi deranso limene namondwe wa Freddy analisakaza mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinagumuka m'mapiri, mitsinje inasefukira, anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kummwera anasowa pokhala, ndipo sukulu zinatsekedwa, zina chifukwa chowonongeka, zina chifukwa zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Mwini wa nyumba ndani

Funso loyamba limene dongosolo liyenera kuyankha si la simenti kapena malata ayi, koma la umwini, ndipo pano ndi pamene pali vuto lalikulu koposa. Lamulo la maboma aang'ono la 1998, pamodzi ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho, zinapatsa makhonsolo udindo wokonza chitukuko cha maboma awo kudzera m'makomiti a m'midzi ndi a m'madera a mafumu aakulu, amene amatumiza zofuna za anthu ku khonsolo kuti zilowe m'pulani ya chitukuko cha boma lonse. Sukulu za pulayimale zinalowa m'dongosolo limeneli, koma za sekondale kwa zaka zambiri zinatsala m'manja mwa unduna ku Lilongwe kudzera m'maofesi a zigawo. Zotsatira zake n'zakuti CDSS imakhala ndi eni ambiri koma yopanda woisamalira mmodzi wodziwika: anthu a m'mudzi ndiwo anaumba njerwa, mfumu kapena mpingo ndiwo unapereka malo, unduna ndiwo umatumiza aphunzitsi, phungu ndiye anamanga mdadada wina ndi thumba la chitukuko cha dera lake, ndipo bungwe lakunja ndilo linakumba mjigo. Denga likasasuka, aliyense mwa amenewa amakhala ndi chifukwa chomveka choyembekezera kuti wina ndiye akonze.

Chifukwa cha ichi, dongosolo labwino limayamba ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa ofesi ya chigawo cha maphunziro, khonsolo, eni malo ndi komiti ya sukulu, wonena mosapsatira kuti ndani amakonza zing'onozing'ono, ndani amakonza zikuluzikulu, ndiponso ndani ali ndi mphamvu yoletsa ntchito yosatsatira mapulani. Nkhani ya malo iyeneranso kuthetsedwa pasadakhale. Sukulu zambiri zinalandira malo pakamwa chabe kuchokera kwa mfumu imene mwina inamwalira kalekale, malire ake ali mtengo wa mango kapena chulu, ndipo pamene anthu akuchulukana, minda ndi nyumba zimalowerera pang'onopang'ono mpaka bwalo la zamasewera litatha. Malamulo atsopano a malo a 2016 anatsegula njira yoti malo a makolo ayezedwe ndi kulembetsedwa, ndipo kuyeza malo a sukulu iliyonse ndi kuika zizindikiro za konkire m'malire mwake ndi ntchito yotsika mtengo poyerekeza ndi mlandu umene umabuka kontilakitala atafika kale ndi zipangizo zake.

Kaundula wa zimene zilipo

Kaundula ndi buku kapena mndandanda wa m'kompyuta wosonyeza nyumba iliyonse ya sukulu iliyonse m'dera, chaka chimene inamangidwa, zipangizo zake ndi mmene ilili lero. Unduna umawerenga sukulu chaka ndi chaka ndipo umadziwa chiwerengero cha zipinda, madesiki ndi zimbudzi, koma chiwerengero sichinena za mphamvu ya nyumba. Chipinda chimene khoma lake lang'aluka kuyambira pa maziko mpaka pa denga chimawerengedwa ngati chipinda chimodzi, chimodzimodzi ndi chatsopano. N'chifukwa chake kaundula wa dongosolo lomanganso amafuna kuti injiniya kapena mmisiri wodziwa ntchito ayende yekha pa sukulu iliyonse, akwere kudenga kukaona ngati chiswe chadya mapaso, aone ngati ming'alu ya m'khoma ndi ya pulasitala chabe kapena ikuchokera pansi, afufuze kumene madzi a mvula amalowera akatsika padenga, ndi kufunsa anthu akuluakulu a pamalopo pamene madzi anafika m'zaka za chigumula. Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa m'madera ambiri mulibe zolembedwa za msinkhu wa madzi osefukira, koma anthu amakumbukira bwino lomwe mtengo kapena mwala umene unamira.

Kaundula akatha, nyumba iliyonse imagwa m'gulu lina mwa magulu ochepa: ina imangofunika kukonza, ina kuilimbitsa, ina kuigwetsa, ndipo pena sukulu yonse imayenera kusamuka. Kulimbitsa ndiko kuwonjezera mphamvu pa nyumba yakale popanda kuigwetsa, monga kuika lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo pamwamba pa makoma onse kuti agwirane, kapena kumangirira mapaso ku lambayo ndi zitsulo zopyapyala kuti mphepo isanyamule denga. Ntchito yotereyi siikopa anthu monga mdadada watsopano, popeza palibe mwala wa maziko woti uikidwe pamaso pa khamu, koma ndalama zomangira mdadada umodzi zingathe kupulumutsa midadada ingapo yakale. Dongosolo limene limangowerenga nyumba zatsopano n'kusiya zakale zikugwa limangosuntha vuto kuchoka mbali ina ya bwalo la sukulu kupita mbali ina.

Mbali yachiwiri ya kaundula ndi ana amene akubwera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana zaka 18, choncho sukulu yomangidwa molingana ndi ana a lero imadzadza isanathe n'komwe. Njira yodalirika ndiyo kuwerenga ana a m'makalasi apamwamba a sukulu za pulayimale zimene zimatumiza ana ku CDSS iliyonse, kuona kumene amakhala, ndi kulemba pa mapu mtunda umene amayenda, osaiwala mitsinje imene imawatsekereza m'dzinja. Mtunda si nkhani ya kutopa kokha. Kumene sukulu ili kutali, makolo amachitira ana lendi timanyumba ta pafupi ndi sukulu kapena pa msika, kumene amadziphikira okha popanda wowayang'anira, ndipo atsikana ambiri amene amasiya sukulu chifukwa cha mimba kapena ukwati amagwera m'mavuto m'malo oterewa. Apa okonza dongosolo amayenera kusankha pakati pa kumanga sukulu yatsopano pafupi ndi midzi, kukulitsa yomwe ilipo, kapena kumanga malo ogona atsikana, ndipo yankho limasiyana malinga ndi dera: kumene anthu ali othithikana monga ku Chiradzulu, sukulu yoyendera yapafupi ndiyo yothandiza, pamene kumene midzi ili patalipatali kapena kuseri kwa mitsinje, malo ogona ndiwo angafunike.

Iyambe iti

Ndalama sizikwanira sukulu zonse nthawi imodzi, motero mtima wa dongosolo ndi mndandanda wonena kuti iyambe sukulu iti, itsatire iti. Popanda mndandanda wogwirizana, chitukuko chimapita kumene kuli mawu amphamvu: kwa phungu wodziwa kulankhula, ku sukulu ya m'mbali mwa msewu wa phula imene alendo amaiona, kapena kumene mphunzitsi wamkulu ali ndi anzake ku maofesi. Sukulu ya kuseri kwa phiri, imene galimoto silifikako m'dzinja, imakhala yomaliza nthawi zonse ngakhale kuti ndiyo yosowa kwambiri, ndipo makontilakitala nawo amaikweza mtengo chifukwa cha mayendedwe. Chilungamo chimafuna kuti mfundo zosankhira zigwirizanidwe sukulu zisanatchulidwe maina, ndipo zoyamba zikhale za moyo: nyumba imene ingagwere ana, chimbudzi chimene chingatitimire, madzi akumwa. Pambuyo pake pabwere kuthithikana m'makalasi ndi mtunda, kenaka labotale ndi laibulale. Mndandandawo ukatuluka uyenera kumatidwa pa khonsolo ndi kuwerengedwa m'misonkhano ya m'madera, chifukwa anthu amapirira kudikira akadziwa malo awo pa mzere ndi chifukwa chake, koma amataya mtima akaona kuti mzerewo ukusintha mseri.

Pa nkhani ya labotale m'pamene kuganizira dera lonse pamodzi, m'malo mwa sukulu imodziimodzi, kumaonetsa phindu lake. Sukulu za sekondale m'Malawi zimaikidwa m'magulu a sukulu zoyandikana, otchedwa makilasita, kuti aphunzitsi azithandizana, ndipo pamene ndalama zomangira labotale pa sukulu iliyonse palibe, n'zotheka kuyamba ndi sukulu ya pakati imene zinzake zingafikeko. Komabe labotale si chipinda chokha: imafuna madzi, mphamvu ya magetsi kapena ya dzuwa, mankhwala oyesera amene amatha ndi kufunika kugulanso, ndiponso mphunzitsi wa sayansi, amene sakhalitsa pamalo popanda nyumba yabwino. Labotale yomangidwa popanda zimenezi imasanduka mosungira madesiki othyoka, ndipo nyumba za aphunzitsi, zimene kawirikawiri zimachotsedwa pa mapulani ndalama zikachepa, ndizo zimachititsa kuti zipinda zina zonse zikhale ndi ntchito.

Dothi, madzi ndi mphepo

Dera la Shire Highlands lili ndi zoopsa zosiyanasiyana m'malo oyandikana, kotero pulani imodzi yojambulidwa ku likulu singakwanire paliponse. M'munsi mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi choopsa ndi napolo, ndiko kuti madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo amene amatsika m'phiri mwadzidzidzi mvula ikagwa masiku angapo. Anthu a ku Phalombe amakumbukira napolo wa mu Marichi 1991 amene anapha anthu ambiri, ndipo Freddy anaonetsa kuti zigwa zimene madzi anadutsamo kale amadzadutsamonso. Ku malo otere kulimbitsa khoma sikuthandiza, popeza palibe khoma la sukulu limene lingaimitse mwala waukulu ngati nyumba, ndipo chofunika ndi kuchotsa sukulu m'njira ya madziwo. Kusamutsa sukulu ndi chigamulo chowawa chifukwa chimakhudza malo, manda, mtunda wa ana ndi ulemu wa mfumu imene sukuluyo ili m'dera lake, koma kumanganso pamalo omwewo ndi kuika ana m'njira ya ngozi imene aliyense akuidziwa.

Ku chigwa cha Phalombe, cha kufupi ndi nyanja ya Chilwa, vuto ndi lina. Madzi amasefukira pang'onopang'ono n'kukhalitsa, ndipo m'malo ambiri muli dothi lakuda la makande, limene limafufuma likanyowa ndi kung'aluka likauma, motero limakankha maziko chaka ndi chaka mpaka khoma litasweka. Kumeneko maziko amayenera kuzama ndi kukhala ndi zitsulo, pansi pa nyumba payenera kukwezedwa kuposa pamene madzi anafikapo kale, ndipo kuzungulira nyumba payenera kukhala konkire ndi ngalande zotaya madzi kutali ndi khoma. Zimbudzi zokumba, zimene zimayamba kugwa pa chigumula chilichonse, zimafuna kuwaka njerwa m'dzenje ndi kuzikweza, komanso kuziika kutali ndi mjigo. Ku mapiri a Thyolo nkhawa ndi kutsetsereka kwa malo ndi kukokoloka kwa nthaka. Ndipo popeza dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake imagwedezeka, monga zinaonekera ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009, lamba wa konkire uja ndi wofunika pa mdadada uliwonse, ngakhale kumene anthu sanamvepo chivomezi chachikulu.

Komabe chimene chimawononga sukulu kawirikawiri si namondwe wodziwika ndi dzina, koma mphepo ya mkuntho imene imabwera ndi mvula zoyamba. Denga limasasuka chifukwa mapaso anangokhazikidwa pa khoma osamangiriridwa, malata ndi opyapyala, misomali ndi yochepa, kapena denga la khonde linalumikizidwa ndi la nyumba kotero kuti mphepo ikalowa pansi pa khonde imanyamula zonse pamodzi. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo mitengo yobzalidwa motalikirako pang'ono imachepetsa mphamvu ya mphepoyo. Izi ndi zinthu zazing'ono pa mtengo wa nyumba yonse, koma ndizo zimene mmisiri wofuna kupulumutsa ndalama amayamba kuchotsa, chifukwa sizioneka nyumba ikatha.

Popeza sukulu ndiyo nyumba yolimba kwambiri m'midzi yambiri, anthu adzapitiriza kuthawirako pa ngozi, kaya malamulo alole kapena ayi. N'kwanzeru tsono kuvomereza zimenezi m'mapulani: holo kapena mdadada umodzi wokonzedwa kuti ulandire anthu, zimbudzi zowonjezera, madzi okwanira, ndi chipinda chokhoma chosungiramo mabuku ndi zipangizo pamwamba, kuti maphunziro ayambirenso msanga anthu akabwerera kwawo.

Njerwa ndi manja a anthu

Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi nyumba zikuluzikulu, pofuna kuteteza mitengo. Cholingacho n'chomveka m'dera limene kutha kwa mitengo m'mapiri kwakulitsa ngozi za madzi, koma lamuloli linasintha mgwirizano wakale pakati pa boma ndi anthu. Kuyambira nthawi ya ntchito zodzithandiza mpaka nthawi ya thumba la chitukuko la MASAF, gawo la mudzi linali kuumba ndi kuotcha njerwa, ndipo uvuni woima pa sukulu unali umboni woti anthu akonzeka. Tsopano pakufunika mabuloko a simenti, kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopsinjidwa ndi makina, ndipo zonsezi zimafuna ndalama. Gawo la anthu latsala kututa mchenga, kuswa miyala ndi kutunga madzi, ntchito imene kawirikawiri imagwera amayi. Dongosolo liyenera kunena poyera zimene anthu adzapereka ndi nyengo yake, kuti zisawombane ndi ntchito ya kumunda, ndiponso kumene mchenga udzatengedwa, chifukwa kukumba mchenga m'mphepete mwa mtsinje woyandikana ndi sukulu kumagumula gombe lomwe likuteteza sukuluyo.

Mabuloko ali ndi chinyengo chawo. Thumba limodzi la simenti likatulutsa mabuloko ochuluka kuposa muyezo, kapena mabulokowo akapanda kuthiriridwa madzi masiku okwanira, amaoneka abwino koma amafumbutuka ndi chala. Injiniya wa khonsolo sangakhale pa malo aliwonse tsiku lililonse, makamaka pamene galimoto ndi mafuta n'zosowa, choncho komiti ya sukulu yophunzitsidwa zinthu zochepa zoti iziona, monga kuwerenga matumba a simenti, kuya kwa maziko ndi kukula kwa zitsulo konkire asanathiridwe, ndiyo maso a tsiku ndi tsiku a ntchitoyo. Komitiyo iyenera kupatsidwa mapulani ndi mndandanda wa zipangizo m'chinenero chimene ikumva, ndi kudziwa kumene ingakadandaule.

Ndalama ndi nyengo

Ndalama zomangira sukulu za sekondale zimachokera m'matumba ambiri: bajeti ya chitukuko ya boma, thumba la chitukuko cha dera la phungu, zopereka za makolo, mipingo, ophunzira akale, ndi maiko kapena mabungwe akunja. Dziko la Japan kudzera ku JICA komanso African Development Bank anathandiza kumanganso ndi kukulitsa ma CDSS osankhidwa, World Bank inavomereza mu 2019 ntchito ya EQUALS yokweza maphunziro a sayansi ndi masamu m'sukulu zoterezi, ndipo dziko la America kudzera ku USAID linayambitsa ntchito ya SEED, imene inalinga kumanga ndi kukulitsa sukulu zofika 250 kuti ana, makamaka atsikana, asamayende mitunda italiitali. Thandizo limeneli lasintha sukulu zambiri, koma limasankha malo motsatira zolinga zake ndipo limatha nthawi yake ikakwana kapena ndale za kwawo zikasintha, monga zinaonekera mu 2025 pamene boma la America linatseka ntchito za USAID. Dera lokhala ndi kaundula ndi mndandanda wake limatha kuuza wothandiza aliyense kumene ndalama zake zikufunika, pamene dera lopanda zimenezi limangolandira chimene chabwera, mpaka sukulu imodzi kukhala ndi midadada ya mapulani anayi osiyana koma yopanda chimbudzi cha atsikana chokhala ndi posinthira.

Mtengo wa ntchito nawo sukhazikika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza zitsulo, malata, magalasi ndi mafuta zimadalira ndalama zakunja, makontilakitala amene anasaina mapangano pa mitengo yakale anapezeka kuti ndalama sizikukwananso. Umu ndi mmene midadada yofika pa mawindo imatsalira zaka zambiri, udzu utamera m'kati. Njira yochepetsera vutoli ndiyo kugawa ntchito m'zigawo zoti chilichonse chithe ndi kuyamba kugwiritsidwa ntchito pachokha, kusayamba midadada khumi ndi ndalama za midadada isanu, ndi kulipira makontilakitala pa nthawi yake. Malamulo ogulira katundu ndi ntchito za boma, amene bungwe la PPDA limayang'anira, amafuna kuti ntchito ilengezedwe poyera ndi kupikisanirana, ndipo zimenezi zimatenga miyezi. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba mu Epulo, pamene mvula ikutha, motero ngati mapulani ndi zikalata zoitanira makontilakitala sizinakonzedwe m'dzinja, chilimwe chonse chimathera m'maofesi ndipo maziko amakumbidwa mu Novembala mvula ikuyamba.

Kumanga pa sukulu imene ana akuphunzira kumafunanso dongosolo lake. Mdadada usagwetsedwe wina usanathe, ndipo pamene zipinda zachepa, ana angagawidwe kuti ena aziphunzira m'mawa ena masana, monga zimachitikira kale m'sukulu zina za m'tauni. Ntchito yaphokoso ipewe nyengo ya mayeso a MSCE, malo omangapo atchingidwe, ndipo pakhale malamulo okhwima a khalidwe la antchito pakati pa ana a sukulu, chifukwa kubwera kwa amuna ambiri okhala ndi ndalama pafupi ndi atsikana osauka kuli ndi zoopsa zodziwika. Makwerero otsetsereka a ana oyenda pa njinga za olumala, zitseko zotakata ndi kuwala kokwanira kwa ana osaona bwino n'zotsika mtengo zikalowa m'pulani kuyambira pachiyambi, koma zimadula zikawonjezeredwa pambuyo.

Ntchito ikatha

Mapangano a zomangamanga amakhala ndi nyengo imene kontilakitala amayenera kukonza yekha zolakwika zonse zimene zaoneka nyumba itaperekedwa, ndipo gawo lina la malipiro ake limasungidwa mpaka nyengoyo itatha. Pa nyumba za sukulu nyengo imeneyi iyenera kudutsa dzinja lathunthu, chifukwa kudontha kwa denga, kutitimira kwa maziko ndi kulephera kwa ngalande sizioneka m'chilimwe, ndipo ndalama zosungidwazo zisatuluke mphunzitsi wamkulu ndi komiti asanasaine kuti zolakwika zakonzedwa. Sukulu ilandirenso mapulani a nyumba zake, osonyeza mmene mapaipi ndi mawaya adutsira, pamodzi ndi buku lolembamo zokonza.

Kuchokera apo udindo umabwerera ku mgwirizano wa umwini uja. Zimene zimasunga nyumba ya sukulu ndi ntchito zazing'ono zochitika pa nthawi yake: kukhomerera malata mvula isanayambe, kuchotsa zinyalala m'ngalande, kuthira mankhwala a chiswe, kutseka mipata imene mileme imalowera kudenga, kubwezeretsa galasi losweka mvula isanawoletse felemu. Zimenezi zimafuna ndalama zochepa koma zopezeka teremu iliyonse, zolembedwa padera m'bajeti ya sukulu kuti zisamezedwe ndi choko, mapepala ndi mayendedwe, ndipo zimafuna kuti kaundula wa dera aziwunikidwanso pakatha zaka zingapo komanso pakangochitika ngozi, kuti sukulu imene yawonongeka ikwere pa mndandanda motsatira mfundo zomwe zija zimene sukulu zinzake zinayesedwa nazo.